MALUWA NDIWO MUNDA WA NJUCI

Alimi ena a ku Mukobeko, kunja kwa mzinda wa Kabwe, adandaula kuti njuci zilowa bwino m'ming'oma yao, koma patapita miyezi yowerengeka zithawa ndi kusiya zisa zouma. Nthawi zina cozipirikitsa ndi linthumbu, koma kawiri kawiri cifukwa cace ndi njala. Njuci za mu Africa sizipirira njala nthawi yaitali. Maluwa akasowa, zisamuka zonse pamodzi.

ZAKUDYA ZIWIRI

Pa duwa njuci itengapo zinthu ziwiri. Coyamba ndi timadzi totsekemera ta m'kati mwa duwa. Njuci imwa timadziti nikatilavula m'zisa, ndipo zinzace zikupiza mapiko kufikira madzi ambiri atauma. Madzi akacepera magawo 20 mwa magawo 100, uci wapsa, ndipo njuci ziutsekera ndi phula. Uci ndiwo nsima ya njuci, umene uzipatsa mphamvu ya kuuluka.

Caciwiri ndi mungu, ufa wacikasu uja umene njuci zibwera nao pa miyendo ya m'mbuyo. Mungu uli ngati ndiwo, ndipo popanda uwu ana sakula. Pa nyengo ya maluwa make wa njuci akhoza kuikira mazira oposa 1,000 pa tsiku, ndipo dzira lisanduka njuci yanchito patapita pafupi masabata 3. Koma njuci yanchito ikhala moyo masabata 6 okha pa nthawi ya nchito yambiri. Tsono mungu ukasowa, make aleka kuikira, njuci zakale zifa, ndipo palibe zolowa m'malo mwace.

NYENGO ZA MALUWA

Mitengo ya m'chire la ku Kabwe ipatsa maluwa ambiri kawiri pa caka. Mombo ndi mitengo ina ya mtundu wace, imene anthu a kumeneko aicha musamba ndi muputu, icita maluwa mu September ndi October, ndipo uci wace ufulidwa mvula ikamayamba. Mtondo ucita maluwa kuyambira March kufikira May, ndipo uci wace ufulidwa m'cisanu. Uci wambiri wa m'Zambia ucokera ku Mwinilunga ndi ku Kabompo, kumene mitengo imeneyi ikali yambiri.

Pafupi ndi Kabwe mitengo yacepa. Mgodi wa mtovu ndi zinki unayamba nchito mu 1906, pamene mzindawu unali kuchedwa Broken Hill, ndipo unatsekedwa mu 1994. Pa zaka zonsezi, ndi kufikira lero, chire lakhala likupita ku nkhuni, ku minda ndi ku makala. Cifukwa cace njala ya njuci, imene ifika makamaka mu June, July ndi August, yakula kuposa kale.

MALIPIRO A NJUCI

Njuci sizidya caulere. Pofuna cakudya zinyamula mungu kucokera pa duwa lina kunka pa lina, ndipo mbeu zibala. Dzungu liri ndi maluwa amuna ndi akazi. Duwa lalikazi lizindikirika ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwace. Litseguka mbanda kuca ndi kufota masana, ndipo ngati kacirombo sikafikapo ndi mungu m'mawa womwewo, kadzungu kaja kagwa. Mpendadzuwa wosafikidwa ndi njuci ubala njere zambiri zopanda kanthu m'kati. Cimanga cidalira mphepo, ngakhale njuci zitengako mungu ku ngayaye zace.

Si njuci za m'mng'oma zokha zigwira nchitoyi ai. Mabemberezi oboola mitengo akonda maluwa a nandolo, nchenche zithandiza pa mango, agulugufe ayendera maluwa a m'dimba, ndipo mileme ifika usiku pa maluwa a mvunguti. Zonsezi zifuna maluwa ndi pokhala. Cotero ngakhale mlimi wopanda mng'oma ataya zokolola maluwa akatha.

ZOYENERA KUCITA

1. Mlimi polambula munda asiye mitondo ndi miombo m'malire. Asasende khungwa la mtengo wamoyo pofuna mng'oma, pakuti apha mtengo womwewo umene udyetsa njuci. Mng'oma wa matabwa ndi wabwino koposa.

2. Abzale mbeu zocita maluwa m'miyezi ya njala. Nandolo acita maluwa m'cisanu, mango mu July ndi August. Nsangu icita maluwa mvula itatha, ndipo siphimba cimanga popeza iyoyola masamba m'dzinja.

3. Ngati chire liyenera kutenthedwa, litenthedwe mu May kapena June udzu usanaumitse. Moto wa mu October ndi waukali, upsereza maluwa ndi mitengo yaing'ono.

4. Mankhwala ophera tizirombo apoperedwe madzulo, njuci zitabwerera, ndipo asathiridwe pa maluwa otseguka.

5. M'cilimwe aike mbiya ya madzi pamthunzi pafupi ndi ming'oma, ndi timitengo m'katimo kuti njuci zisamire.

6. Pofula uci atenge zisa zotsekedwa zokha. Zisa za ana ndi za mungu azisiye, pamodzi ndi uci wina wodya njuci m'nthawi ya njala.

Njuci ziuluka mtunda wa makilomita 2 kapena 3 pofuna maluwa, ndipo sizidziwa malire a munda. Mtondo wodulidwa kwa mnansi ucepetsa uci ndi maungu kwa onse. Nkhani imeneyi iyenera kukambidwa pa bwalo, kuti anthu apangane za mitengo yoti isadulidwe ndi za mwezi wotentha chire. Wofuna mbande za mitengo kapena malangizo a ming'oma aonane ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lace mvula isanagwe.