Mkangano wa m'banja umafuna mutu ndi mtima womwe

Anthu amene adakhalapo ankhoswe akudziwa mmene foni imalirira pakati pa usiku. Mkazi akusisima, akuti kukacha alongedza katundu. Kapena ndi mwamuna, mawu akunjenjemera, akuti bwerani mudzatenge mwana wanu. Nkhoswe yodziwa ntchito yake siweruza mlandu pafoni. Imafunsa kaye ngati pali amene wavulala, ndipo ikamva kuti ayi, imati: "Ndamva mlamu, gonani. Ndibwera Loweruka pamodzi ndi anzanga a kuchikazi." Wopsa mtimayo amaona ngati akupeputsidwa, koma masiku amenewo ndi mbali ya mankhwala.

Chifukwa chake chili m'thupi. Katswiri wa za maganizo wa ku America, John Gottman, pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle, ankaitana mabanja kuti akambirane nkhani zowavuta iye akuyeza kugunda kwa mitima yawo. Adapeza kuti mtima ukagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, munthu amasiya kumva zomwe mnzake akunena. Amangomva kuti akuukiridwa. Malangizo ake ndi akuti awiriwo asiyane kaye kwa mphindi zosachepera 20 kuti thupi lizizire.

Kusiyanako kuli ndi kachitidwe kake. Wotulukayo asangomenyetsa chitseko, anene kuti wapsa mtima ndipo nkhaniyi aibwerera ana akagona. Panthawi yopumayo asakhale pansi n'kumasanja mayankho, chifukwa kutero n'kusonkhezera moto womwewo. Akatunge madzi, athirire ndiwo zakudimba, ayende. Kumowa ayi. Ndipo foni aiike patali: uthenga wotumizidwa pagulu la abale pa WhatsApp munthu ali wolusa umawerengedwa ndi azakhali ku Johannesburg wotumizayo asanapume n'komwe, ndipo banjalo likadzagwirizana, azakhaliwo amakhalabe okwiya.

Koma pali msampha wina, ndipo abambo ambiri ndiwo amakodwamo. Amati iwo amayankhula zomveka, mkazi amangolira, ngati kuti munthu wanzeru ndi amene mumtima mwake muli zii. Dokotala wa ubongo Antonio Damasio, m'buku lake la 1994 lotchedwa Descartes' Error, adafotokoza za wodwala amene adamutcha Elliot. Bamboyu adachotsedwa chotupa kutsogolo kwa ubongo. Nzeru zake zidatsala zonse, mayeso ankakhoza, koma chisoni, mantha ndi chimwemwe zidazilala. Adayamba kutha nthawi yaitali posankha tinthu tating'ono, ntchito idamuthera, ndalama adaluza, banja lidapasuka. Popanda mtima womuuza chofunika kwambiri, zinthu zonse zinkalemera mofanana.

N'chifukwa chake pabwalo la Loweruka lija, nkhoswe yabwino imayamba ndi funso lakuti chakupwetekani n'chiyani, mawerengero pambuyo. Tinene kuti mwamuna adatumiza ndalama ya feteleza kwa mayi ake kumudzi osauza mkazi wake. Iye abwera ndi mfundo zowongoka: mayi ankadwala, ndalamayo adaipeza ndi iye, abweza kumapeto kwa mwezi. Zonsezo zikhoza kukhala zoona. Mkaziyo sakulirira kuchuluka kwa ndalama, akulira kuti adamva nkhaniyo kwa mlamu wake, ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Mwamunayo akapanda kuvomereza zimenezo poyamba, masamu ake onse agwera pansi. Akavomereza, m'pamene mutu umalowa: mwezi uliwonse kumudzi kuzipita zingati, mbali zonse ziwiri, ndipo zadzidzidzi aziuzana bwanji.

Nkhani ikhale imodzi. Ya feteleza ikangokoka ya chaka chatha ndi ya pa chinkhoswe, ankhoswe aidule pomwepo. Mawu akuti "nthawi zonse mumatero" aletsedwenso, chifukwa woimbidwa mlanduyo amangofunafuna tsiku limodzi lomwe sadatero.

Pali malo amodzi pomwe kudikira Loweruka n'kulakwa. Ngati wina wamenyedwa kapena waopsezedwa, mantha akewo akunena zoona ndipo asauzidwe kuti apirire. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, lomwe limapatsa khoti mphamvu yoteteza wochitiridwa nkhanza. Nkhoswe imuperekeze kuchipatala ndi ku ofesi ya Victim Support Unit ya kupolisi tsiku lomwelo.