Phunziro: Za Bungwe Loyang'anira Ana

Abale, mwana ali mmodzi, koma omtumikira ndi ambiri. Akadwala apita ku cipatala. Akakula apita ku sukulu. Akazunzidwa, mlandu wace upita kwa apolisi. Tsono awa akagwira yense payekha, mwana wamasiye atayika pakati, pakuti yense ayesa kuti mnzace wamthandiza kale.

Cifukwa cace m'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inabvomereza lamulo lokhazikitsa National Children's Commission, kuti ilunzanitse nchito zimenezi. Ndipo kuyambira 2017, mwana ndiye yense wosafika zaka 18.

Koma bungwe silingaone za m'mudzi mwanu popanda inu. Mukaona mwana wosiya sukulu, kapena wokwatiwa akali wamng'ono, kauzeni amfumu ndi aphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga.