Malangizo: Mwana akaikidwa m'timu ya ana anzake



Lero tikambe za mpira wa ana. Mnyamata wabwera kunyumba ali ndwii: aphunzitsi a timu amusiya m'gulu la ana anzake, sanamukweze kwa akuluakulu. Bambo akwiya, akufuna akawakalipire.

Dikirani kaye. Pitani kubwalo, mukaonere. Pitani, mukaonere. Masewero akatha, afunseni aphunzitsiwo modekha kuti mwanayu akuperewera pati. Mwina ndi mphamvu, mwina ndi kupatsirana mpira, mwina amajomba pokonzekera chifukwa mwamutuma kumunda wa mbatata.

Chachiwiri, mwana asewere pomwe akupatsidwa mpata. Kwa akuluakulu adzangokhala pabenchi, ndipo akalowa adzagundana ndi anthu okhwima mafupa. Fupa la mwana likadali lanthete. Amene amavala malaya a timu ya Chingale ya ku Tete kapena a timu ya ku Songo anaphunzira mpira akuumenya, osati akuuyang'ana. Mwana asewere. Mwana asewere.

Komanso musasinthe zaka zake. Musamuchepetsere zaka kuti azikapambana tiana, musamuwonjezere kuti akwere msanga. Tengani kalata yake yakubadwa, mukaonetse yomweyo. Ndi atsikana omwe, lamulo ndi lomweli.

Tibwereze: kaonereni, funsani modekha, mwana asewere ndi a msinkhu wake.