Bala la Khasu: Maselo Oyera ndi Kuundana kwa Magazi

Ife amene tinakulira ku Mchinji timalidziwa bala la khasu. Munthu akupalira mtedza kwa Mkanda, khasu laphonya, lamutema phazi. Magazi amatuluka kwa mphindi zingapo kenako n'kuleka. Pofika mawa lake pamalopo patupa, pafiira, pakutentha ndipo pakupweteka. Zizindikiro zinayi zimenezi Celsus wa ku Roma anazilemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

M'kalasi timaziphunzira ngati mitu iwiri: ma platelet ndi fibrin amatseka magazi, maselo oyera amalimbana ndi tizilombo. Mayeso tikhoza kukhoza nazo choncho, koma thupi silizigawa motero.

Mu microlitre imodzi ya magazi a munthu wamkulu mumakhala maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000, ambiri mwa iwo ma neutrophil. Khungu likang'ambika, maselo a mast amatulutsa histamine, timitsempha timafutukuka ndi kuchucha madzi, n'chifukwa chake pamatupa. M'maola ochepa ma neutrophil amadutsa khoma la mtsempha n'kuyamba kumeza mabakiteriya. Mafinya aja, mbali yaikulu ndi mitembo yawo.

Mu 2004 ofufuza a ku Berlin anaonetsa kuti neutrophil imatha kuponya DNA yake kunja ngati ukonde wokolera tizilombo. Ukonde womwewo umakolanso ma platelet. Nawo ma monocyte akakumana ndi tizilombo amaonetsa tissue factor, puloteni imene imayambitsa kuundana kwa magazi. Pabala la phazi zimenezi n'zothandiza, chifukwa magazi oundanawo amatchingira tizilombo kuti tisafalikire.

Zimaopsa zikachitika thupi lonse nthawi imodzi, monga pa sepsis. Timitsempha ta mu impso ndi m'mapapo timatsekeka, ma platelet ndi mapuloteni oundanitsa magazi amatha, ndiye wodwala yemweyo amayamba kutuluka magazi m'nkhama ndi pomwe anabayidwa jakisoni. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala amene anapima ana omwalira ndi malungo a mu ubongo anapeza timitsempha ta mu ubongo wa ambiri titatsekeka ndi fibrin.

Choncho mlimi uja tisangomumanga kansalu n'kumuuza kuti chipola. Titsuke balalo ndi madzi oyera ndi sopo, tifunse za katemera wa kafumbata. Kufiira kukayamba kukwera mwendo, thupi likatentha, akamapuma mwabefu kapena kubwebweta, apite kuchipatala cha Mchinji kapena china chapafupi tsiku lomwelo.