Kompyuta Ikakana Kuyaka Titaiwonjezera RAM

Makompyuta ambiri amene timaphunzirira m'masukulu a muno mu Blantyre ndi a kaunjika, monga Dell OptiPlex ndi HP Compaq. Ndi olimba ndithu, koma amabwera ndi RAM yochepa, mwina 2GB kapena 4GB, n'chifukwa chake amachedwa tikatsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Njira yotsika mtengo yowafulumizitsira ndi kuwonjezera RAM. Koma nthawi zina tikatero n'kudina batani, fani imazungulira, nyale imayaka, sikirini ili bii.

Apa ambiri amafulumira kunena kuti motherboard yapsa. Pasukulu ngati yathu ya kuno ku Chitawira, pamene ophunzira angapo amagawana kompyuta imodzi pokonzekera mayeso a MSCE, kutaya makina amodzi si nkhani yaing'ono. Mfundo ya phunziro lathu ndi iyi: ngati kompyuta inkayaka bwinobwino tisanaitsegule, vuto tiyambe kulifuna pa chinthu chimene tasinthacho.

N'chifukwa chiyani sikirini imada?

Tikayatsa kompyuta, Windows siyamba yokha. Choyamba kudzuka ndi BIOS, kapulogalamu kokhala pa motherboard, kamene kamafufuza ngati purosesa, RAM ndi zida zoonetsera zithunzi zili bwino. Kufufuzaku kumatchedwa POST. BIOS ikalephera kuwerenga RAM imaimira pomwepo, isanatumize chilichonse ku sikirini. Choncho sikirini yakuda sikutanthauza kuti mafayilo athu atayika. Iwo ali pa hard disk, ndipo sanakhudzidwe.

Tisanagwire chilichonse

Tizimitse kompyuta ndi kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Kenaka tidine batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti magetsi otsalira m'kati atheretu. Tikhudzenso chitsulo cha bokosi la kompyutayo. Magetsi aja amathetheka tikamavula juzi m'nyengo yopanda mvula ndi okwanira kuwononga RAM. RAM tiziigwira m'mphepete, osati pa mano ake agolide.

1. Timvetsere zimene kompyuta ikunena

Makina ambiri amaulula vuto lawo polira kapena kuphethira nyale. Pa ma HP Compaq ambiri a muofesi, nyale yofiira ikaphethira kasanu pamodzi ndi kulira kasanu, ndiye kuti vuto lili pa RAM. Ma Dell OptiPlex akale ali ndi tinyale tinayi tolembedwa 1, 2, 3, 4. Tilembe papepala tinyale timene tayaka, n'kukaona tanthauzo lake m'buku la kompyutayo.

2. Tiikhazike bwino

Ili ndi vuto lofala kuposa onse. RAM imalowa mu mpata wautali wotchedwa siloti, ndipo imafuna kukankhidwa mwamphamvu pang'ono. Tiitulutse, tionetsetse kuti kamng'alu kamene kali pakati pa mano ake kakugwirizana ndi kachotupa ka mu siloti, kenaka tiikanikize mbali zonse ziwiri mpaka tokolera ta m'mbali titseke tokha kuti "kha". Ngati m'silotimo muli fumbi, tilichotse ndi burashi youma. Tionenso ngati dzanja lathu silinagwedeze chingwe china polowa m'bokosimo.

3. Tibwezeremo RAM yakale yokha

Tichotse yatsopano, tisiye yakale mu siloti yake yomwe ija. Kompyuta ikayaka, tapumira m'mwamba: motherboard ndi yamoyo. Tsopano tiyese yatsopano payokha mu siloti yomweyo. Ikayaka payokha koma n'kukana zikakhala ziwiri, ndiye kuti mwina siloti yachiwiri ndi yowonongeka, kapena ma RAM awiriwo sakugwirizana. Tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tikasintha ziwiri n'kuyaka, sitidziwa chimene chinali ndi vuto.

4. Tiwerenge chikalata cha pa RAM

Si RAM iliyonse imene ingalowe m'kompyuta iliyonse. DDR2 imagwiritsa ntchito mavoti 1.8, DDR3 mavoti 1.5, pamene DDR4 ndi 1.2. DDR2 ndi DDR3 zonse zili ndi mano 240, koma kamng'alu kaja kali pamalo osiyana. DDR4 ili ndi mano 288. Ikakana kulowa tisaikakamize, tingathyole siloti.

Pa chikalata pamalembedwa zinthu monga PC3-12800U. PC3 akutanthauza DDR3, ndipo PC4 ndi DDR4. Chilembo chomaliza n'chofunika kwambiri. U ndi RAM ya kompyuta wamba ya patebulo, S ndi ya laputopu, pamene R ndi ya ma server. RAM ya R ya DDR3 imalowa bwinobwino mu siloti ya DDR3, koma kompyuta wamba siiwerenga. Kuwonjezera apo, motherboard iliyonse ili ndi malire ake. Yakale imene siloti yake imalandira 4GB siingayake ndi RAM imodzi ya 8GB.

5. Tiiwalitse BIOS zakale

Ngati mtundu wa RAM ndi woyenera koma ikukanabe, tizule magetsi, tichotse kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard, tidikire mphindi zisanu, kenaka tikabwezere. Zimenezi zimabwezera BIOS mmene inalili pochoka kufakitale. Ikayaka tidzafunika kukonzanso tsiku ndi nthawi.

Ikayaka, ntchito sinathe

Tione mu BIOS kapena mu Task Manager ngati RAM yonse ikuwerengedwa. Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4GB, ngakhale titaikamo 8GB. Kenaka tiyese RAM yatsopanoyo ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86. Ikaonetsa zolakwika, tikaibweze kumene tinagula msanga.

Pokagula ku Limbe kapena m'tauni, tizitenga RAM yakale kapena chithunzi cha chikalata chake, tizifunsa ngati amalola kubweza, ndipo lisiti tisaliiwale. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tikayesa njira zonsezi mwadongosolo koma osatheka, mpamene tingapite nayo kwa amakaniko, titanyamula pepala la zonse zimene tayesa.

Ntchito ya sabata ino

Mothandizidwa ndi aphunzitsi a Computer Studies, gulu lililonse litsegule kompyuta imodzi yozimitsa, likopere zolembedwa pa RAM yake, ndipo liyankhe: ndi DDR yanji, ndi ya ma GB angati, ndipo masiloti opanda kanthu alipo angati?