Ana atsekera, kunja kwada 4 koloko: malangizo kwa makolo a ku Britain

Sukulu zambiri ku Britain zimatseka kwa milungu iwiri, kuyambira kutatsala masiku ochepa kuti Khrisimasi ifike mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Kwathu ku Malawi imeneyi ndi nyengo ya mvula, mango ndi ngumbi, ndipo mwana akamwa phala amatuluka n'kudzaonekanso njala ikamuwawa. Kuno zinthu n'zina. Pa 21 Disembala dzuwa ku London limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane, pamene ku Glasgow kumawala maola 7 okha. Ana amakhala otsekeredwa m'nyumba, makolo ali pantchito kapena atatopa, ndipo mkangano suchedwa. Mankhwala ake ndi kukonzekera sukulu isanatseke.

Yambani ndi nkhani ya wotsala ndi ana. Ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ntchito yosadziwa Khrisimasi. Mukangolandira ndandanda ya mashifiti a Disembala, khalani pansi awirinu, kalendala ili patebulo, muchonge masiku amene nonse simudzakhalapo. Masiku amenewo agawaneni ndi banja lina limene mumalikhulupirira, la kumpingo kapena la kuntchito: lero ana onse kwanu, mawa kwawo. Musadalire zoti wamkulu wa zaka 10 alera anzake monga tinkachitira kumudzi, chifukwa kumudzi kunali azakhali ndi agogo pakhomo loyandikana. Lamulo la kuno silitchula msinkhu weniweni, koma kusiya mwana yekha pamene angavulale ndi mlandu. Bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 12 asasiyidwe yekha nthawi yaitali, wosakwana zaka 16 asagone yekha m'nyumba, ndipo khanda kapena mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono. Ndalama ya shifiti imodzi siingafanane ndi kufunsidwa mafunso ndi a boma osamalira ana.

Tsiku lililonse ana atuluke, ndipo atuluke m'mawa. Apa mpamene ambiri timalakwitsa: timayamba ndi kuchapa, kuphika ndi kukolopa, tikamati tiyeni kupaki, kunja kwada kale. Tembenuzani dongosololi. Akadya cham'mawa, pofika 10 koloko mukhale muli panja, ngakhale kwa ola limodzi. Zochapa zidikire madzulo, mdima suziletsa. Mwana amene wathamanga ndi kupuma mpweya wa panja amadya bwino, amagona msanga, ndipo salimbirana foni ndi mng'ono wake tsiku lonse. Povala, zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza zimafunditsa kuposa chijuzi chimodzi chokhuthala. Mumuveke malaya amkati, juzi, kenako jekete yosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi. Akatuluka thukuta mumangomuvula chimodzi. Masokosi ena ouma akhale m'chikwama, pakuti mwana akanyowa mapazi ulendo watha. Ndipo muwauze mosabisa kuti dziwe kapena ngalande youndana saiponda. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira ku Babbs Mill Lake, ku Solihull, ayezi atasweka iwo ali pamwamba.

Kukagwa mvula, malo ofunda osalipira alipo. Laibulale ya m'dera lanu ndi yaulere, ndipo khadi ya mwana salipiritsa. Natural History Museum ndi Science Museum ku London, komanso Kelvingrove ku Glasgow, amalowa ulere. Ingoonani masiku otsegula, chifukwa pa Khrisimasi penipeni amatseka. Ku England, mabanja amene ana awo amalandira chakudya chaulere kusukulu chifukwa cha kuchepa kwa ndalama afunse kukhonsolo za pulogalamu ya Holiday Activities and Food, imene imapatsa ana masewera ndi chakudya patchuthi. Malo amatha msanga.

M'nyumba, chipinda chimene mumakhalamo chisazizire kupitirira madigiri 18, ndipo chogona khanda chikhale pakati pa 16 ndi 20. Ndikudziwa kuti bilu ya gasi ndi magetsi imaopsa, koma pali njira imodzi imene sindifuna kuti aliyense aiyese: kulowetsa makala m'nyumba. Ife tinakula tikuotha mbaula mu Juni, ndipo chootchera nyama chimene chili kuseri kwa nyumba chingaoneke ngati mbaula yomweyo. Nyumba za kuno n'zotsekeka kwambiri. Makala amatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako n'kukomoka. Yesani alamu yochenjeza za mpweyawu ngati ikulira, ndipo ngati mulibe, uzani eni nyumba kapena gulani.

Vuto lina ndi chinyontho. Zochapa za ana zikayanikidwa m'chipinda chotseka, madzi ake amathera pamawindo ndi m'makona, khoma n'kuyamba chuku chakuda chimene chimadwalitsa ana chifuwa. Yanikani m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono. M'mawa pukutani madzi a pamawindo, ndipo pophika vundikirani mapoto.

Khrisimasi isanafike, onani kabati ya mankhwala. Pa 25 Disembala masitolo akuluakulu ku England ndi Wales satsegula, sitima siziyenda, ndipo ku London ngakhale mabasi a mumzinda amaima. Mankhwala a kutentha thupi oyenera msinkhu wa mwana, a mphumu ngati alipo wodwala, mkaka ndi matewera zigulidwe kale. Mwana akadwala usiku imbani 111, zikafika poopsa 999. Musaiwalenso vitamini D. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silikwanira kuti thupi lipange lokha vitamini ameneyu, amene amalimbitsa mafupa. A NHS amalangiza mamaikulogalamu 10 patsiku kwa ana opitirira chaka chimodzi ndi akuluakulu, ndipo ife a khungu lakuda amatilangiza kuganizira zomwa chaka chonse.

Nanga madzulo aatali aja? Kwa ine imeneyi ndiyo mphatso yeniyeni ya tchuthichi, chifukwa m'masiku a sukulu Chichewa chimasowa mpata. Lowani nawo kukhitchini. Wamkulu akande ufa wa mandasi, wamng'ono adule ndi kapu, manja ali mbuu, inu mukhale pamafuta otentha, ndipo zonse muzitchula m'Chichewa: sefa, kanda, tembenuza, samala wapsa. Bawo safuna kugula. Jambulani mizere 4 ya maenje 8 pakatoni, nyemba 64 zikhale zosewerera. Zimitsani wailesi yakanema, muyambe "Padangotero", muwaphunzitse kuyankha "Tili tonse". Poimbira agogo, kumbukirani kuti m'nyengoyi Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, choncho imbani masana, iwo asanagone, ndipo mwanayo apereke yekha moni waulemu.

Za mphatso ndinena mwachidule. Ana amamva zimene anzawo alandira, ndipo kwathu nakonso akudikira ndalama ya fetereza ndi ya Khrisimasi. Gwirizanani ndalama yake mwezi usanayambe, muwauze ana zoona, ndipo musalowe ngongole chifukwa cha tsiku limodzi.

Kutatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe, bwezerani nthawi yogona ndi yodzuka pamalo pake, yunifolomu ichapidwe, nsapato ziyesedwe ngati zikukwanabe. Koma zonsezi zimayambira pa kalendala ija. Itengeni lero, muimbire banja limene mudzasinthane nalo ana mashifiti asanadzaze.