Tebulo N'la Eni: Malangizo kwa Osewera Mpira wa Patebulo ku Chifunde

Kaya mumakhala pa Chifunde, ku Mualadzi, ku Nsadzu kapena cha kumalire ku Cassacatiza, ngati pamsika panu pali baraka yokhala ndi tebulo la mpira, lija ambiri amati matraquilhos, dziwani kuti muli ndi mwayi. Tebulo lotere silipezeka pafupi. Amene analigula anatulutsa ndalama, analipira galimoto kuti lifike, ndipo analipatsa malo pakhonde pomwe akadaika mabenchi a makasitomala. Akaona kuti likungomubweretsera phokoso, ngongole ndi ndewu, sachedwa kuligulitsa kapena kulitsekera m'nyumba, ndipo gulu lanu limathera pomwepo. Tsono mfundo ndi imodzi, achimwene: tsiku lililonse mwasewera, mwinibaraka atsale ndi kanthu m'thumba komanso mtima uli m'malo. Nazi njira zochitira zimenezi, mwandondomeko.

Choyamba: sankhani okuyankhulirani

Musanapite kwa mwini malo, khalani pansi nokha. Sankhani anthu awiri: mmodzi woyankhula, wina wosunga ndalama ndi kope. Musasankhe katswiri wogoletsa zigoli chifukwa cha luso lake. Sankhani munthu wofatsa, amene mwinibaraka amamudziwa kwawo ndi makolo ake, ndipo alibe naye ngongole. Anthu khumi akamauza mwini malo zinthu khumi zosiyana, iye amatopa n'kusiya kumvera onse.

Awiriwa apite m'mawa kapena masana pamene makasitomala achepa, osati madzulo iye ali pakalapakala kugulitsa. Lonjerani mwini malo mwaulemu, "Bambo, mwaswera bwanji," kapena "Mayi, tabwera ndi kankhani," ndipo mudikire akupatseni mpata. Ngati pabarakapo pamakhala wantchito, m'lemekezeni, koma nkhani yeniyeni mukambe ndi mwini wake. Paja Kandimverere anakanena za m'maluwa. Zokambirana zonse sizingapitirire ola limodzi.

Chachiwiri: gwirizanani zinthu zisanu, ndipo muzilembe

Funsani masiku ndi maola amene gulu lingasewere. Tsiku la msika ndi madzulo a Loweruka ndi nthawi imene baraka imapanga ndalama, choncho musaumirire kuti tebulo likhale lanu lokha nthawi imeneyo. Funsani za malipiro: kodi ndi pa masewero amodzi, pa ola, kapena pa sabata? Funsani za ngongole: ilipo kapena palibe? Malangizo anga ndi akuti pasakhale ngongole ya dzina la gulu. Wofuna kukongola chakumwa cha Fizz kapena mowa wa 2M akongole m'dzina lake, ndipo zimenezo zisakhudze tebulo. Funsani kuti chinthu chikathyoka alipira ndani. Pomaliza, funsani nthawi yotsekera.

Zonsezi lembani m'kope la sukulu, m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, malinga onse amve. Mwini malo asaine, awiri anu aja asaine, ndipo pakhale mboni imodzi yachikulire. Ena amaona ngati kulemba n'kukayikirana. Ayi ndithu. Pakapita miyezi itatu aliyense amakumbukira zomukomera iye, ndiye kope ndi limene limakuyanjanitsani.

Chachitatu: khalani ndi thumba la gulu

Mutu umodzi susenza denga, ndipo tebulo silikonzedwa ndi munthu mmodzi. Yambitsani kathumba monga mumachitira pa chipereganyu (xitique). Tiyerekeze kuti mulipo 12 ndipo aliyense akusonkha mametikali 20 pa sabata: ndi 240 pa sabata, 960 pa masabata anayi. Ngati 20 yachuluka, yambani ndi 10. Chofunika n'chakuti ndalamayo izibwera mosadumphitsa. Imeneyi si yolipirira masewero. Ndi ya mipira yatsopano, zogwirira, tianthu tothyoka, misomali ndi pulasitiki yofunditsira.

Msungichuma aziwerenga ndalama pamaso pa onse kamodzi pa mwezi. Ngati mukuisunga pa M-Pesa kapena e-Mola, azionetsa uthenga wa pafoni. Ndalama yosungidwa m'thumba la buluku imasanduka ya mowa mosadziwa.

Kumbukiraninso kuti ndalama kuno imayenda ndi nyengo. Fodya akagulitsidwa, anthu amakhala nazo. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo aliyense ali kumunda, zimasowa. Sonkhani kwambiri nthawi ya zokolola kuti thumba lisaume m'dzinja. Mwinibaraka nayenso malonda amamuvuta miyezi imeneyo, ndipo sadzaiwala gulu limene linalipirabe pa nthawi yake.

Chenjezo kwa inu a kumalire: ngati tebulo lanu ndi loponya ndalama yachitsulo, ponyani yokhayo imene linapangidwira. Makobidi a kwacha ya ku Zambia kapena ya ku Malawi, zitsekerero za mabotolo zophwanya, ndi tizitsulo ta panjinga zimatsekereza makina, ndipo wodziwa kukonza sakhala pafupi. Palinso kachinyengo kofala kotseka pagolo ndi pepala kapena kansalu kuti mpira usagwere m'kati, anthu azisewera ulere. Kumeneko n'kuba, ndipo mwini malo akakugwirani kamodzi, sadzakukhulupiriraninso.

Chachinayi: samalani tebulo ngati lanu

Musanayambe kusewera, werengani. Matebulo ambiri ali ndi ndodo 8, zinayi mbali iliyonse, ndi tianthu 11 pa timu: goloboyi mmodzi, otchinga kumbuyo awiri, apakati asanu ndi akutsogolo atatu. Onani kuti tonse tilipo, palibe kosweka, ndipo mipira yakwana. Mukapeza chowonongeka, uzani mwini malo musanagwire ndodo, kuti mlandu wa ena usagwere inu. Mukamaliza, werenganinso.

Fumbi la mwezi wa Okutobala ndi mdani wa ndodo. Pukutani ndodo zonse ndi kansalu kouma, kenako bwalo lake ndi kansalu konyowa pang'ono, kofinyidwa bwino. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi khumi basi. Musathire mafuta ophikira kapena oyilo wa njinga yamoto pandodo: amamata fumbi, ndodo n'kuyamba kulimba, ndipo akadonthera pabwalo mpira umaterereka. Mafuta oyenera ndi a silikoni. Wina akamapita ku Tete kapena kutsidya ku Katete, m'tumeni akafunse m'masitolo a zipangizo. Kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa mumangodonthezera pang'ono.

Madzi ndi mdani wachiwiri. Matabwa a tebulo akamwa madzi amafufuma, ndipo sabwereranso mwakale. Mvula isanayambe mu Novembala, thandizani mwini malo kulisunthira pomwe sipadontha, ikani njerwa kapena timatabwa pansi pa miyendo kuti chinyezi ndi chiswe zisakwere, ndipo usiku muzilifunditsa. Botolo, kapu kapena ndudu zisakhale pamwamba pa tebulo ngakhale kamphindi.

Kuti mudziwe ngati laima bwino, ikani mpira pakati pa bwalo n'kuusiya. Ukagubuduka wokha, ikani kathabwa kopyapyala pansi pa mwendo wa mbali imene wapitayo mpaka uime. Tebulo lopendekeka limabala mikangano yambiri, chifukwa wogonja amanena kuti wagonja ndi tebulo.

Ndipo pasapezeke wotsamira kapena kukhalira ndodo. Ndodo ikapindika, kuiwongola n'kovuta, ndipo yatsopano njodula kuposa zonse.

Chachisanu: ikani malamulo a masewero

Phokoso lambiri pabaraka limachokera pa malamulo osagwirizana. Bungwe loyang'anira masewerowa padziko lonse, International Table Soccer Federation, linakhazikitsidwa mu 2002 ndipo likulu lake lili ku Nantes, m'dziko la France. Limodzi mwa malamulo ake n'loletsa kupukusa ndodo mozunguliza ngati mphero. Tengerani lamulo limeneli, chifukwa kupukusa ndi kumene kumathyola tianthu ndi kumasula misomali. Letsaninso kugwedeza, kunyamula kapena kumenya tebulo ndi ndodo pofuna kusuntha mpira.

Gwirizanani kuti masewero amatha pa zigoli zingati; m'mipikisano ya bungwe lija amathera pa zisanu, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mzere uziyenda. Ngati pali odikira, opambana asapitirire maulendo atatu motsatizana. Lembani mayina a odikira papepala kapena pakhoma ndi choko, mwini malo akalola. Kunyozana kwa masewero kulipo, wina n'kudzitcha timu ya UD Songo, wina ya Chingale, ndipo kumakometsa. Koma kutukwana, makamaka kutchula makolo a munthu, kukhale ndi chilango: sabata imodzi osagwira ndodo.

Za kubetcha ndinene mosabisa: musayambe. Kubetcha kwa mametikali asanu kumakula, wina amadyetsa ndalama ya feteleza, ndewu imabuka, ndipo apolisi akabwera amayamba kufunsa mwini malo, osati inu. Ngati mukufuna mphotho, igulidwe ndi thumba la gulu, pabaraka pomwepo.

Chachisanu ndi chimodzi: kumbukirani anthu ena

Baraka ndi malo a malonda. Musatseke khomo kapena pogulitsira, ndipo mayi wobwera kudzagula sopo kapena mchere asachite kudutsa pakati pa anyamata akukuwa. Musadzaze mabenchi osagula kanthu. Sikuti aliyense agule tsiku lililonse, koma gulu lonse lisachoke popanda kugula ngakhale zakumwa ziwiri kapena mabisiketi. Kubwera ndi kachasu kapena zakumwa zogula kwina n'kumwera pamalo pa mwini n'chipongwe chachikulu.

Mlendo akafika n'kufuna kusewera, kaya ndi dalaivala wa lole yopita ku Chanida kapena wogula mbewu, m'patseni mpata msanga. Kwa mwinibaraka ameneyo ndi kasitomala, ndipo akaona kuti gulu lanu limakopa anthu m'malo mowathamangitsa, adzakusungani.

Nkhani ya ana ndi yofunika kuisamala. Lamulo la Mozambique la nambala 6/99 limaletsa kugulitsa mowa ndi fodya kwa osakwana zaka 18, ndipo limaika malire pa kupezeka kwa ana m'malo achisangalalo a usiku. Ngati pabarakapo pamagulitsidwa mowa, ana asapezekepo kukada, ndipo nthawi ya sukulu asapezekepo n'komwe. Makolo ndi aphunzitsi akadandaula kwa amfumu, wovutika ndi mwini malo. Komabe anawo musawamane kotheratu. Mmodzi mwa anthu amene anayambitsa masewerowa, Alejandro Finisterre wa ku Spain, anavulala pa nkhondo yapachiweniweni ya kwawo mu 1936, ndipo ali m'chipatala anaona ana ovulala amene sakanathanso kuthamangira mpira. Tebulo limene anapanga poganizira anawo analilembetsa mu 1937. Pemphani mwini malo ola limodzi Loweruka m'mawa, mowa usanayambe, kuti ana asewere wamkulu ali pomwepo. Wamkuluyo ayang'anitsitse nsonga za ndodo, chifukwa zimatulukira mbali inayo pa msinkhu wa nkhope kapena chifuwa cha mwana.

Pamudzi pakagwa maliro, tebulo lifunditsidwe mpaka mwambo utatha. Musadikire kuti mwini malo akuuzeni. Chimodzimodzi nthawi yotseka ikakwana: malizani mpira umene uli m'bwalo, osati "kamodzi komaliza" kasanu. Magetsi a Credelec kapena batire la sola amalipira ndi iye, ndipo m'mawa ali ndi ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri: zikavuta, fulumirani

Ngakhale musamale chotani, tsiku lina kanthu kadzathyoka. Nenani tsiku lomwelo. Woyankhula wanu apite ndi wothyolayo, apepese, ndipo anene tsiku limene chidzakonzedwe. Ngati chathyoka pa masewero abwinobwino, thumba lilipire. Ngati wina anachithyola chifukwa cha ukali kapena kuledzera, alipire yekha, koma gulu liyambe lakonza kenako limulonjerere mnzawoyo. Mwini malo asakhale wothamangitsa anyamata m'midzi kufuna ndalama yake.

Mwinibaraka akakwiya n'kukukalipirani, musamuyankhe pamaso pa makasitomala, ngakhale mukuona kuti walakwa ndi iye. Chokani mwakachetechete, mubwere mawa m'mawa ndi kope lija. Akakweza mtengo, funsani chifukwa chake modekha. Mwina katundu wakwera ku Tete. Mukhoza kupempha kuti gulu lizilipira pa sabata pamtengo wotsikirapo, popeza ndinu obwera nthawi zonse. Zikakanika, itanani mboni ija. Musathamangire kukamunena pamsika kapena pa WhatsApp. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo eni mabaraka amauzana.

Chomaliza: onetsani kuyamika

Kamodzi pa miyezi itatu konzani kampikisano pa tsiku limene malonda amakhala ozizira, ndipo tsikulo asankhe ndi mwini malo. Itanani anzanu a m'midzi yoyandikana, zakumwa zonse zigulidwe pomwepo, ndipo mphotho apereke ndi iye, mutamutchula ndi ulemu pamaso pa anthu. Mukamaliza, sesani pakhonde ndi kutola mabotolo. Akadwala kapena akaferedwa, pitani mukamuone ngati gulu, mutanyamula kangachepe.

Ngati gulu lanu lilipo kale ndipo simunachitepo chilichonse mwa izi, musadikire mkangano. Sabata ino gulani kope, sankhani anthu awiri aja, sonkhani ndalama yoyamba, ndipo mupite kukaonana ndi mwini malo m'mawa, ntchito isanamuchuluke.